Tsiku Lovula Malaya

Bamboyo anafika m'mawa wa tsiku lomwe dipatimenti inayenera kusankha pulofesa watsopano. Sanagogode pa ofesi iliyonse, sanafunse njira. Anangokwera masitepe n'kukhala pa benchi ya pakhonde, moyang'anana ndi chitseko cha labu, chikwama chachikopa chothetheka chili pamiyendo. Jekete yake inali yakale koma yosita bwino, ndipo imvi zinali zitayamba kumera m'mbali mwa makutu.

Mphunzitsi wamng'ono pa onse m'dipatimentimo ndi amene anayamba kumuona. Anali mtsikana wosunga makiyi a labu, ndipo achemwali ake anamupatsa dzina loti Namaloto kuyambira ali mwana, chifukwa akamutuma kukagula mchere ankabwerako ndi nkhani m'malo mwa mchere.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Tikuthandizeni?"

"Ndikudikira munthu, mayi."

"Ndani, kuti ndikuitanireni?"

"Akandiona adzandidziwa yekha."

Tsiku lina lililonse Namaloto akanakhala pansi pomwepo mpaka atamva zonse. Koma lero anali ndi ntchito. Anatsegula labu, nayatsa magetsi, n'kuvundukula nsalu yophimba makina ojambula kugunda kwa mtima. Makinawo analipo. Kompyuta yake inalipo. Koma mawaya onse omata pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo ya munthu panalibe. Pakhoma panangotsala msomali wokha.

Anayang'ana m'madirowa, pansi pa bedi loyezera, ngakhale m'bini. Atatembenuka anaona kuti bambo wa jekete uja akumuyang'ana kudzera pachitseko chotsegula, nkhope yake ili ngati ya munthu amene wamva uthenga womwe ankauyembekezera kale.

* * *

Dipatimenti ya fiziyoloje, yophunzitsa mmene thupi la munthu limagwirira ntchito, inali ndi kachitidwe kakekake. Aliyense wofuna ntchito yophunzitsa pamenepo, kaya ali ndi madigiri odzadza lichero, ankayenera kugona pa bedi pamaso pa ophunzira, iwo n'kumumata mawaya, kenako aphunzitse kuchokera pa mizere ya mtima wake womwe. Anayambitsa zimenezi ndi mkulu woyamba wa dipatimentiyo, amene ankati, "Usauze mwana wa mwini kuti avule malaya iwe utamanga tayi." Ophunzira ankangolitcha tsiku lovula malaya. Namaloto naye anadutsamo, kuseri kwa katani, ndipo makina anaulula mantha ake kwa kalasi yonse.

Ofuna upulofesa anatsala awiri. Mmodzi anali wapakhomo pomwepo, mphunzitsi wakalekale yemwe ana ankamutcha a Mafupa, ndipo iwo anavula malaya dzulo m'mawa. Winayo anali mlendo wochokera kutali, katswiri wa za mtima yemwe zolemba zake zinkawerengedwa m'mayunivesite ambiri ngakhale nkhope yake sankaidziwa ambiri. Tsiku lake linali lero masana.

Akulu a dipatimenti anamvetsera nkhani ya mawaya ataimirira, magalasi ali m'manja.

"Loko wathyoledwa?"

"Ayi, bwana."

"Zenera?"

"Lotseka."

"Makiyi a chipinda chimenechi ndi awiri. Wina ndi uwu." Anagwira thumba lawo. "Wina ali ndi yani?"

Namaloto anagwira chikwama chake.

"Mwana wanga, ndinakuphunzitsa ndine, ndinakulemba ntchito ndine. Koma mawaya amenewa amachokera kunja, ndipo kontrakiti yako ikutha kumapeto kwa teremu ino. Komiti ikakhala masanawa mawaya asanapezeke, akafunsa ndi wa ndani mlandu, ine ndilibe dzina lina loti nditchule. Unasiyirapo munthu makiyi?"

"Ayi," anatero Namaloto, ndipo anamva kutentha m'makutu, chifukwa linali bodza.

Dzulo madzulo ndi iye amene anaonetsa Apulofesa achilendowo labu. Anali munthu wamtali, wa tayi yofiira, wa mawu otsetsereka ngati mafuta. Anamufunsa za kafukufuku wake wa ana asukulu okomoka pa mzere, namvetsera ngati palibenso china chofunika padziko. Atatuluka, m'kachipinda komwera tiyi, anamugwira dzanja mwaulemu n'kuliika pachifuwa pawo, kumanzere, pansi pa thumba la malaya.

"Inu mumayeza mitima ya anthu, mayi. Tandiuzani, uwu ukuthamangiranji chonchi?"

Mtimawo unkagundadi mwamphamvu m'chikhatho chake. Namaloto anaganiza kuti ukuthamangira iye. Nthawi yomweyo Akulu anamuitana ku ofesi, ndipo anasiya chikwama chake, makiyi ali momwemo, pampando pafupi ndi Apulofesa. Atabwerako anapeza chikwama chili pomwe anachisiya, Apulofesa akumwetulira. Kunyumba anakafotokozera achemwali ake mpaka iwo anati, "Iwe, chikomekome cha mkuyu. Idya ugone."

Ayi, sangakhale Apulofesawo. Munthu angabe bwanji mawaya omwe akufuna kupezera ntchito?

* * *

Anayambira kwa mlonda wa pakhomo lapansi, munthu wokonda kuyankhula ngati akupereka lipoti kwa mkulu wa asilikali.

"Madamu, nkhaniyi ine ndaimaliza kale. Wakuba ndi Ajekete ali pamwambawo."

"Afika liti?"

"M'mawa uno, nditangotsegula."

"Analowa m'labu?"

"Kulowa sanalowe. Ndakhala ndikukwera kukawasuzumira, ali phee pa benchi ngati anawakhoma ndi misomali. Koma wakuba sasowa, madamu. Ndinawafunsa chiphaso, akuti chiphaso changa chili ndi munthu wina. Ndinati dzina? Akuti nalonso lili ndi munthu wina. Mwamva zimenezo? Ndiye akuti ndikulumbira sindidzavuta munthu, n'kuika dzanja pamtima. Koma dzanjalo analiika uku." Mlonda anamenya chifuwa chake kumanja. "Munthu wosadziwa kumene kuli mtima wake! Ndinangoti lowani, koma diso langa lili pa inu."

"Nanga munawaloleranji?"

"Anandipatsa moni bwino. Alipo angati pano amene amandipatsa moni?"

"Dzulo madzulo anatuluka ndani ndi chikwama?"

"Ana onse ndinawasecha, mmodzimmodzi. Inu munatuluka ndi kachikwama kanu kaja. Apulofesa achilendo ndi chikwama cha laputopu."

"Munachisecha?"

Mlonda anamuyang'ana ngati wamufunsa za misala. "Ine ndiseche pulofesa? Ndili ndi ana, madamu."

"A Mafupa?"

"Amenewo anatuluka dzuwa lili pamutu, atagwira tsaya. Sanabwererenso."

Namaloto anakwera masitepe. Ngati panali munthu wopindula Apulofesa akalephera, anali a Mafupa. Anapemphera mumtima kuti akhale iwowo, kenako anachita manyazi ndi pemphero lakelo.

* * *

Anawapeza mu ofesi yawo, pafupi ndi chigoba cha mafupa a munthu chomwe ana anachiveka chipewa. Tsaya lawo lakumanzere linali lotupa ngati abisamo ndimu.

"Wabwera kudzandimanga, wapolisi? Khala pansi. Unyolo wautenga?"

"Ndangobwera kudzafunsa, bambo."

"Funsa dokotala wa mano. Anandikhazika pampando wake masana onse, bondo lake lili pachifuwa panga. Dzino ndi ili." Anatsegula dirowa n'kumuonetsa dzino lokulungidwa m'kapepala. "Mboni yanga. Siyankhula koma siinama."

Namaloto anatsala pang'ono kuseka.

"Ndiye ndani, bambo? Ntchito yanga ikutha lero."

A Mafupa anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo mawu awo anafewa pang'ono. "Ine ntchito iyi sindiipeza, ndikudziwa. Ndakalambira pakhonde lino, ndipo munthu wapakhomo sanunkhira. Koma taganiza, mwana iwe. Kompyuta ija anaisiya?"

"Anaisiya."

"Makina?"

"Anawasiya."

"Mawaya amenewo ungakagulitse kwa yani? Woyanikira zovala? Wakuba wanjala amatenga chogulitsika. Uyu si wanjala ayi. Uyu ndi wamantha."

"Mantha a chiyani?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndili pulofesa." Anagwira tsaya, nabuula. "Koma ndikuuze chimodzi. Mlendo wanu wa tayiyo sankadziwa za kuvula malaya. Ofesi yolemba anthu ntchito inangomulembera kuti adzaphunzitsa kalasi yoyeserera. Ndinamuuza ndine dzulo pa tiyi wa m'mawa, dala, kuti ndione ngati ali ndi chimimba chobisa. Munthu uja anatsamwa. Tiyi mpaka pa tayi."

Namaloto anatuluka osatsanzika. Pakhonde bambo wa jekete anali pomwe paja. Atamuona anaimirira pang'ono, ngati akufuna kunena kanthu.

"Mayi, akuimbani mlandu ndi inu?"

"Inu zikukukhudzani bwanji?"

Maso a bamboyo anali ofiira ngati a munthu amene wayenda ulendo wautali osagona. "Munthu ndikumudikirayo ndimayesa ndimupeza asanalowe," anatero motsitsa. "Wadzera khomo lina."

* * *

Ophunzira anali atayamba kale kulowa mu holo. Namaloto anathamangira ku ofesi ya Akulu kukapempha kuti asinthe tsiku.

"Sizingatheke. Apulofesa anyamuka mawa, ndipo anena kale kuti palibe vuto, aphunzitsa ndi choko basi. Munthu wabwino, sanakwiye n'komwe." Akulu anavala jekete akupukusa mutu. "Koma ukudziwa chimene wawamanitsa ana aja? Ndinabisa dala kuti adzadzionere okha. Munthu ameneyu anabadwa mtima uli kumanja."

"Kumanja?"

"Kumanja. Mwa anthu zikwizikwi mumapezeka mmodzi. Analemba yekha m'kafukufuku wake woyambirira kuti munthu woyamba kumuyeza anali iye mwini, ndipo n'chimene chinamukokera ku za mtima. Mizere yake pa makina aja ikanatuluka chadodolido. Ine ndakalamba osaionapo ndi maso. Tiye, tachedwa."

Akulu anatuluka. Namaloto anatsala ataima pakati pa ofesi, akuyang'ana chikhatho cha dzanja lake lamanja. Chinkakumbukirabe kugunda kuja, kwamphamvu, kofulumira, pansi pa thumba la malaya. Thumba la malaya limakhala kumanzere.

Ndiye mtima uja sunkathamangira iye. Unkathamangira makiyi.

Anakhala pampando wa alendo. Akanena, ayenera kunenanso mmene anadziwira: kuti anagwira chifuwa cha munthu wofunsira ntchito, kuti anamusiyira makiyi, kuti ananamiza Akulu m'mawa. Akapanda kunena, mlandu wa mawaya ndi wake, ndipo munthu uja adzakhala pa ofesi yoyandikana ndi yake, ngati iye adzakhalepo n'komwe. Nanga ngati akulakwitsa? Ngati dzanja lake linasokonezeka ndi maloto ake omwe?

Kenako anakumbukira mlonda akumenya chifuwa chake kumanja.

Analowa m'labu, natenga chomvera mtima chija madokotala amakoleka m'khosi. Potuluka anaima pa benchi.

"Bambo, munthu amene mukumudikira ali mu holo. Tiyeni."

"Sindikufuna kumuchititsa manyazi pagulu."

"Ndiye manyaziwo asenze ndine?"

Bamboyo anayang'ana pansi. Kenako ananyamula chikwama chake.

* * *

Holo inali yodzaza mpaka m'masitepe. A komiti anakhala kutsogolo, a Mafupa kumapeto kwa mzere atagwira tsaya. Bedi loyezera linali pambali, lopanda ntchito. Apulofesa anali atalemba dzina lawo pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ankayankhula mokoma moti ngakhale a kumbuyo, omwe nthawi zonse amakhala pa foni, anali tcheru.

"Ndamva kuti muli ndi kachitidwe kokongola pano," ankatero. "Ndikupepesa kuti makina atikana. Ndinali wokonzeka ndithu kuvula tayi imeneyi."

Ana anaseka. Namaloto anatsika masitepe a pakati, chomvera mtima chili m'manja. Mawu ake anatuluka aang'ono, ndipo anachita kubwereza.

"Pepani, Apulofesa. Makina afa koma makutu tili nawo. Ana akhoza kumvera ndi ichi."

Ana anaomba m'manja, ena akuimba likhweru. Akulu anamuyang'ana mokwiya, kenako nkhope yawo inawala. "Zoonadi. Bwanji sindinaganize? Apulofesa, tipatseni mwayi."

Apulofesa anamwetulira, koma dzanja lawo linapita pa mfundo ya tayi n'kukhala pomwepo. "Mayi, nthawi yatithera. Komanso ndili ndi kachifuwa, sindikufuna kupatsira ana."

"Simufunika kuvula," anatero Namaloto. "Bwana, m'mawa ndinakunamizani. Makiyi ndinawasiya m'chikwama, pafupi ndi bambo awa, dzulo madzulo. Ndipo mtima wawo ndinaugwira ndi dzanja langali. Uli kumanzere, ngati wanga ndi wanu."

Wina kumbuyo anayamba kuseka za kugwira mtima, koma mnzake anamugunda ndi chigongono. Holo inazizira.

"Mtsikanayu wasokonezeka," anatero Apulofesa, akuyang'ana a komiti mmodzimmodzi. "Wataya katundu wa sukulu, ndiye akufuna pothawira. Dzulo anandikakamira, ine ndinangomulemekeza. Kodi pano mumalola antchito aang'ono kunyoza alendo chonchi?"

Mayi wina wa komiti analemba kanthu papepala. Akulu anavula magalasi. Namaloto anaona kuti mawu a munthu wa tayi ndi olemera kuposa ake, ndipo anamva ngati pansi pakutsetsereka.

"Basi, mng'ono wanga. Zakwana."

Mawuwo anachokera pakhomo la kumbuyo. Bambo wa jekete ankatsika masitepe pang'onopang'ono, ana akumupatsa njira. Wa tayi uja atamuona, choko chinagwa m'manja mwake n'kuduka pawiri.

"Achimwene," anatero, mawu okoma aja atathawa. "Mwabwera bwanji kuno?"

"Pa basi." Bamboyo anaika chikwama pa tebulo, navula jekete n'kuipinda bwinobwino. Anamasula mabatani a malaya, nakhala pa bedi lija. "Mayi, bwerani. Yambani kumanzere, monga munaphunzirira."

Namaloto anayandikira bedi. Anaika chomveracho kumanzere. Mtima unkamveka kutali, ngati munthu akugogoda pa nyumba ya aneba. Anachisunthira kumanja. Apo unagunda pafupi, modekha, mosathamanga, ngati mwini nyumba akuyenda m'chipinda chake.

Namaloto anangovula chomveracho n'kupereka kwa Akulu. Akulu anamvera kumanzere, anamvera kumanja, anabwereranso kumanzere. Atadzuka, maso awo anali onyowa.

"Mkazi wanga atamwalira ndinasiya zonse," anatero bamboyo akumanga mabatani. Ankayankhula ndi Akulu koma maso ali pa mng'ono wake. "Ndinatseka chitseko, ndinazimitsa foni. Uyu ndi amene ankandisamala. Ankanditayipira zolemba zanga kuyambira kale, n'chifukwa chake amaziloweza kuposa ine. Mapepala anga onse ankasunga ndi iye. Sabata yatha mnzanga wina anabwera kunyumba kudzandiyamikira pa ntchito yomwe sindinafunsire. Ndinabwera kuti ndimutenge mwakachetechete tizipita kwathu. Chibale ndi fupa, sichiwola. Koma sindingalole kuti mwana wa eni ake ataye ntchito chifukwa cha fupa lathu."

"Munali mutazitaya, achimwene," anatero wa tayi uja, pafupifupi monong'ona. "Zinangokhala m'katoni, zikudyedwa ndi njenjete. Ine ndinakutumikirani moyo wanga wonse."

"Ndikudziwa. Tikakambirana kunyumba, ngati anthu awa angatilole kupita. Tsegula chikwamacho, ubweze za eni."

Wa tayiyo anatsegula zipi ya chikwama cha laputopu. Mawaya anatuluka atapiringizana, ofiira, achikasu, obiriwira, ndipo anawaika pa tebulo osayang'ana munthu. A Mafupa anaseka kamodzi, nabuula ndi dzino.

Namaloto anatola mawayawo n'kuyamba kuwamasula limodzilimodzi, chifukwa manja ake ankafuna chochita. Akulu anamuyandikira. "Za makiyi tikambirana, iwe ndi ine, ndipo sudzasangalala," ananong'ona. "Koma teremu ya mawa labu ndi yako. Lumikiza makinawo."

Kenako anatembenukira kwa bambo wa pa benchi uja, nakonza jekete yawo ngati akuyamba tsiku mwatsopano.

"Pepani, bambo. Mwakhala pakhonde pathu kuyambira m'mawa opanda ndi madzi omwe. Tikuitaneni kuti ndani?"

Bamboyo anawerama n'kutola chidutswa cha choko chija. Anapita pa bolodi, pomwe dzina lija linali lidakalipo ndi zilembo zikuluzikulu za mng'ono wake. Sanafufute chilembo ngakhale chimodzi. Anangojambula mzere pansi pake, kuchokera koyamba mpaka kothera.

"Walemba bwino," anatero. "Ndi limeneli. Anandipatsa ndi amayi athu."